Mwatsegula mabala ndi masukulu, nanga mwakonzekera chiyani mliri wa kolona ukabwereranso?

Kwa Olemekezeka a Nduna ya chigawo cha Kummawa, a Mkulu wa zaumoyo m'chigawo, a Meya ndi makhansala a mzinda wa Chipata, ndi mafumu athu onse,

Ndakupatsani moni mwaulemu nonsenu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Kapata, ndipo ndalemba kalatayi poyera mu Disembala 2020 kuti ndi anzanga a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi aiwerenge, popeza nkhaniyi ikutikhudza tonse. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mukamva kuwawa penapake, mundikhululukire.

Pa 11 Sepitembala 2020, Pulezidenti Edgar Lungu potsegulira Nyumba ya Malamulo analengeza kuti ana onse abwerere kusukulu, ndiponso kuti mabala ndi mathaveni azitsegulidwa Lachisanu mpaka Lamlungu, kuyambira 18 koloko kulekeza 23 koloko. Matchalitchi anali ataloledwa kale kumapeto kwa Epulo, malo odyera mu Meyi, mabwalo a ndege mu Juni. Anatiuza kuti tizisamalabe, tizivala mamasiki, tizisamba m'manja. Koma uthengawo pofika pa Saturday Market unali utafupika. Anthu anamva kuti kolona yatha. Lero tili mu Disembala 2020, ndipo mukayenda mumsewu wa Umodzi simungadziwe kuti chaka chino kunagwa mliri.

Ndisanapite patali ndinene kuti sindikupempha kuti mutitsekerenso. Tinaona chimene kutseka kunatichita. Masukulu atatsekedwa pa 20 Malichi, ana a giredi 7, 9 ndi 12 okha ndiwo anabwerera pa 1 Juni. Ena onse anakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi. Maphunziro a pa wailesi yakanema ndi pa intaneti anathandiza ana a m'nyumba zamagetsi, pamene mwana wa kwa Chanje kapena kwa Kawaza anali kudambo ndi ng'ombe. Ife amene tinagwirapo choko tikudziwa kuti atsikana akakhala panyumba nthawi yaitali chotere, potsegulira sukulu madesiki ena amapezeka opanda eni, ndipo ukafunsa umamva kuti uje ali ndi pakati, uje anamukwatitsa. Ku Mfuwe alendo odzaona nyama ku South Luangwa anasiya kubwera, ogwira ntchito kumalo ogona alendo anabwezedwa kwawo, ndipo alimi amene ankawagulitsa tomato ndi masamba anasowa msika. Kumayambiriro kwa chaka dola imodzi inali pafupifupi K14, lero yadutsa K20. Mwezi wathawu boma lalephera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole yakunja yotchedwa Eurobond, ndiye palibe amene angatinamize kuti kuli ndalama yodyetsera anthu ali chikhalire m'nyumba. Banja logula pamela madzulo alionse silingakhale masabata atatu osatuluka. Anzathu a ku Malawi anaona zomwezo, ndipo mu Epulo khoti lalikulu kumeneko linaimitsa lamulo lotsekera anthu masiku 21, odandaula atafunsa kuti osauka adya chiyani.

Choncho kutsegula kunali koyenera. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mutatsegula, inunso munakhala pansi kupuma limodzi nafe.

Ku France anatsekanso dziko pa 30 Okutobala. Ku England anatsekanso pa 5 Novembala. Wina anganene kuti kumeneko n'kutali, n'kozizira, ndi za azungu. Chabwino. Koma pa 9 Disembala nduna ya zaumoyo ku South Africa, a Zweli Mkhize, yalengeza kuti dziko lawo lalowa m'funde lachiwiri. Ku Joni si kutali ndi ife. Ndi mudzi uti kuno kummawa umene ulibe mwana wogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town? Ino ndiyo nthawi imene amabwera kudzadya Khirisimasi, ena kudzera ku Chirundu ndi Lusaka, ena kudzera ku Tete n'kulowera pa Chanida, ena kudzera ku Malawi n'kulowera pa Mwami. Akafika sakhala m'chipinda payekha. Amapita kukaona agogo, amayendera manda a amene anamwalira iwo kulibe, amagulira anzawo mowa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngakhale chimfine cha mu 1918 chinayamba mofatsa, anthu n'kuganiza kuti chadutsa, koma ulendo wachiwiri ndiwo unapha anthu ochuluka padziko lonse.

Ziwerengero za dziko lathu zikuoneka zochepa, ndikuvomereza. Chiyambire pa 18 Malichi pamene anthu awiri oyamba anapezeka nako kachilomboka, amene atsimikizika kudwala ndi oposa 17,000 ndipo omwalira ndi oposa 350. Komabe chiwerengero chimangoonetsa anthu amene ayezedwa. Mukukumbukira mu Julayi ndi Ogasiti kuti ambiri mwa omwalira ankafika nawo kuchipatala atatsirizika kale kunyumba, n'kudzadziwika pambuyo pake kuti inali kolona. Izo zinali ku Lusaka, kumene zipatala zili pafupi ndipo zoyezera zilipo. Nanga gogo wa ku Vubwi kapena ku Chama akabanika usiku n'kumwalira m'mawa, amamuyeza ndani? Amaikidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira, abale n'kunena kuti chinali chibayo, mwina n'kuloza chala mnansi kuti wamulodza. Moto wa lupsa ukamaoneka ngati wazima umakhala ukunyekabe m'chitsa, mphepo ikangouluza wayambiranso.

Tsopano ndinene za inu eni ake, ndipo apa ndichedwepo. M'miyezi yoyamba ija malamulo anali ndi mano. Tinaona pa Facebook anthu akukwapulidwa chifukwa chopezeka m'mabala. Pamaliro ankawerenga anthu kuti asapitirire 50. Abusa ankawopsezedwa kuti tchalitchi chitsekedwa mipando ikayandikana. Mayi wogulitsa salaula ankathamangitsidwa chifukwa cha masiki imene analibe ndalama yogulira. Anthu anapirira poganiza kuti lamulo ndi la onse. Kenaka anayamba kuona misonkhano ya ndale, ya chipani cholamula ndi zotsutsa zomwe, anthu atadzazana m'malole, akuimba ndi kuvina mapewa atagundana, atsogoleri ali kutsogolo masiki ili pachibwano kapena m'thumba. Kalembera wa ovota atayamba mu Novembala, mizere inali yaitali, munthu kupumira m'khosi mwa mnzake kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Kulembetsa n'kofunika, ndipo sindikunena kuti kukanaimitsidwa. Koma kujambula mizere pansi ndi phulusa n'kuika ndowa ya madzi pakhomo sikukanafuna ndalama ya ku IMF.

Mnyamata wa njinga amene amanyamula anthu kuchoka ku Mchini kupita m'tauni si wopusa. Amaona kuti mkulu akafuna mavoti kolona kulibe, koma wosauka akafuna kuika maliro a mayi ake kolona ilipo. Akatero amatsimikiza mumtima kuti matendawa ndi bizinesi ya akuluakulu yodyera ndalama za thandizo. Lipoti la Auditor General, mkulu wofufuza ndalama za boma, lonena za kagwiritsidwe ntchito ka chuma cholimbanira ndi mliriwu, lomwe lapeza zinthu zosalongosoka, langothira mafuta pamaganizo amenewa. Tikupita ku chisankho cha pa 12 Ogasiti 2021, ndipo misonkhano ichulukirachulukira. Mukadzafuna kuti anthu akumvereninso mu Januwale kapena Febuluwale zinthu zitavuta, mudzalankhula ndi pakamwa pati? Olemekezeka a Nduna, mungayambe ndi chinthu chimene sichifuna bajeti. Msonkhano uliwonse umene inu mukupezekapo, kaya ndi wa boma kaya ndi wa chipani, utsate malamulo omwewo amene mumauza mabusa ndi anamfedwa. Muitanenso atsogoleri a zipani zonse m'chigawo chino mugwirizane chimodzi pamaso pa mafumu.

Chinthu china chimene sindikumva aliyense akuchitchula pa wailesi ndi malungo. Mvula yayamba, udzudzu ukuswana, ndipo kuyambira Januwale mpaka Epulo zipatala zathu zimadzaza ndi odwala malungo chaka ndi chaka, makamaka kuchigwa kwa Mambwe, Nyimba ndi Chama. Kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, kufooka, zonsezi zimapezeka m'matenda onse awiri. Munthu wakuno akamva choncho amadziwa kale kuti ndi malungo. Amagula Panadol pa kantemba, amapempha Coartem yotsala kwa mnansi, amadzifukiza ndi masamba a bulugamu, amamwa mandimu ndi jinja. Pofika pozindikira kuti mpweya ukumuthera, papita sabata, ndipo wapatsira kale a m'nyumba mwake ndi onse odzamuzonda. Winanso wodwaladi malungo adzaopa kupita kuchipatala kuti angamutsekere kumalo a odwala kolona, n'kufera pakhomo ndi matenda ochizika. Mbali zonse ziwiri tidzataya anthu. A Mkulu wa zaumoyo, anamwino a m'makiliniki a kumidzi ndi azaumoyo odzipereka amene amayeza malungo m'midzi afunika kuuzidwa momveka chochita ngati wodwala alibe malungo m'magazi koma akutentha thupi ndi kutsokomola. Amutumize kuti? Pa galimoto ya ndani? Pakali pano zilipo zipangizo zoyezera kolona mwachangu zimene zimatulutsa zotsatira pasanathe mphindi 30, ndipo bungwe la WHO linazivomereza mu Sepitembala. Makina a GeneXpert amene amayezera TB m'zipatala za m'maboma angathenso kuyeza kolona akapatsidwa timakatiriji take. Limbikirani ku Ndeke House, likulu la unduna wa zaumoyo ku Lusaka, kuti zinthu zimenezi zifike kuno funde lisanafike. Zotsatira zobwera patapita sabata sizithandiza munthu. Pofika tsikulo wodwala uja anachira kale kapena anaikidwa kale.

Za mpweya wa okosijeni ndingofunsa mafunso, inu ndinu odziwa mayankho. Wodwala kolona kwambiri chimene chimamupulumutsa ndi mpweya, ndipo mmodzi yekha angamalize masilinda angapo patsiku. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, kudutsa mapiri a ku Luangwa, ulendo wa tsiku lathunthu pa lole. Kodi chipatala chachikulu cha Chipata Central chingagoneke anthu angati ofuna mpweya nthawi imodzi? Nanga St Francis ku Katete, nanga cha Mwami, nanga cha Lundazi ndi Petauke? Magetsi akazima, monga akhala akuzimira chaka chino, makina opangira mpweya ayenda ndi chiyani? Zipatala za ku Lusaka zikadzadza, monga Levy Mwanawasa, masilinda adzayamba kutsalira komweko, ndipo ife a kutali tidzakhala omaliza pamzere. Nthawi yowerenga masilinda ndi ino mabedi adakali opanda anthu. Muwerengenso magolovesi ndi mamasiki a anamwino, chifukwa kiliniki yokhala ndi namwino mmodzi, iyeyo akadwala, ndiye kuti dera lonse latsekeredwa chipatala.

Malire athu ndi nkhani ina imene a ku Lusaka saimvetsa bwino. Iwo akamva za malire amaganiza za geti, chidindo ndi pasipoti, monga anachitira ku Nakonde mu Meyi potseka chipata odwala atachuluka. Ife tikudziwa kuti pa Mwami, pa Chanida ndi pa Lusuntha pamadutsa gawo chabe la anthu. Ambiri amadutsa m'tinjira ta m'minda. Munthu nyumba ili ku Zambia, dimba lili ku Malawi, apongozi ali ku Mozambique. Lilongwe ili pafupi ndi ife kuposa Lusaka. Anthu amenewa simungawaletse ndi asilikali, ndipo mukayesa mudzangochulukitsa ziphuphu. Amene amadziwa kuti mlendo wafika m'mudzi ndi nyakwawa. Mupatseni nambala ya foni imene imayankhidwa, mumuuze chochita mlendo wochokera ku Joni akafika akutsokomola, ndipo mugwirizane ndi anzanu a zaumoyo a ku Mchinji kuti muzidziwitsana zimene zikuchitika mbali zonse. Pachipata penipeni, madalaivala a mathiraki ndi okwera mabasi aziyezedwa moona, osangowaloza kachipangizo pachipumi n'kuwauza kuti pitani.

Kwa inu a Gogo Chalo, mafumu athu, ndigwada pansi. Chaka chino mwambo wa Kulamba sunachitike ku Mkaika monga mwa nthawi zonse, ndipo anthu anamvera popanda wapolisi kuwakwapula, chifukwa mawu anachokera kwa Kalonga Gawa Undi. Izi zikusonyeza kumene kuli mphamvu. Nc'wala ya chaka chino inachitika kumapeto kwa Febuluwale mliri usanalowe m'dziko, koma ya chaka chamawa ikudza nthawi imene funde lachiwiri lingakhale pachimake. Ku Mtenguleni, kumene Nc'wala imachitikira, kumasonkhana anthu miyandamiyanda ochokera m'maiko angapo. Sindine woyenera kuuza Inkosi ya Makhosi Mpezeni chochita. Pempho langa ndi lakuti aboma akakhale pansi ndi a kunyumba yachifumu tsopano lino, akawaonetse zoona zake, kuti chigamulo chidzatuluke msanga amalonda asanakongole ndalama zokaodera katundu.

Koma pamene pakufunika nzeru zanu kwambiri ndi pamaliro. Lamulo la anthu 50 linalembedwa ndi munthu amene sadziwa maliro a kwathu. Kuno ukapanda kupita kumaliro a mnansi, mawa pako sipadzafika munthu, mwinanso akunena kuti ukudziwapo kanthu pa imfayo. Ndiye anthu adzapitabe. Choopsa si kuimirira kumanda panja pamene mphepo ikuomba. Choopsa ndi usiku, amayi atadzazana m'siwa mazenera ali otseka, akuimba nyimbo mpaka kucha, ambiri a iwo okalamba, ena a BP, ena a shuga, ena akumwa ma ARV. Choopsa china ndi beseni limodzi losambiramo m'manja anthu makumi angapo asanadye nsima. Mfumu ikalamula kuti m'dziko mwake maliro asagone masiku awiri, kuti amayi ochezera akhale pakhonde kapena pansi pa tenti, kuti madzi osamba m'manja azithiridwa ndi jagi, ndiponso kuti wokalamba kapena wodwala akatsala kunyumba asamuwerengere mlandu, anthu adzamvera ndipo mwambo sudzaonongeka. Adzukulu okumba manda ndi atsogoleri a makwaya ndi a zigwirizano za amayi ndiwo angayendetse zimenezi, mukangowaitana.

A Meya ndi makhansala, yanu ndi yaifupi. Ndowa zokhala ndi timipopi zimene zinaikidwa m'misika ndi m'masiteshoni mu Epulo, zambiri zauma, zina zasweka, zina zasanduka zosungiramo tomato. Amalonda amalipira msonkho wa pamsika tsiku ndi tsiku. Gawo la ndalama imeneyo ligule madzi ndi sopo, ndipo pakhale munthu amene ntchito yake ndi kudzaza ndowazo. M'nyengo ya mvula ino kusamba m'manja kutitetezanso ku kolera, imene inavutitsa Lusaka mu 2017 ndi 2018. Za mabala, ngati lamulo likuti 23 koloko, likhale 23 koloko kwa onse, kuphatikizapo bala ya munthu wodziwana ndi akuluakulu. Mukalekerera mmodzi, enawo sangamvere. Maminibasi ayambiranso kupanikiza anthu monga kale, kondakitala ali lende pakhomo. Mwina simungawachepetsere okwera mafuta atakwera mtengo chonchi, koma masiki ndi mazenera otsegula mungathe kuumirira.

Masukulu asatsekedwenso, chonde. Ndanena kale chifukwa chake. Komabe kalasi imene ana amakhala atatu kapena anayi padesiki imodzi singatalikitse ana ndi chikalata chochokera ku ofesi. Aphunzitsi akulu apatsidwe ufulu wogawa ana m'magulu a m'mawa ndi masana, ndi wophunzitsira panja tsiku limene kulibe mvula. Sukulu yopanda mjigo ikhale yoyamba pandandanda wa ndalama za chitukuko cha dera (CDF). Aphunzitsi achikulire ndi odwaladwala ndiwo ali pachiopsezo kuposa anawo, ndipo aganiziridwe.

Chomaliza ndi nkhani ya kutiuza zoona. Ziwerengero zimalengezedwa ku Lusaka, m'Chingerezi, za dziko lonse pamodzi. Mayi wa ku Nabvutika sizimukhudza. Tili ndi Breeze FM, tili ndi Radio Maria, ndipo anthu amazimvera ngakhale kumunda. Sabata iliyonse mkulu wa zaumoyo abwere pa wailesi, alankhule m'chinenero chathu, anene kuti ku Chipata tayeza anthu angapo ndipo tapeza angapo, ku Katete angapo, ku Lundazi angapo, ogonekedwa ndi angapo, ndipo alole anthu kuimba foni kufunsa mafunso, ngakhale mafunso a mphekesera za pa WhatsApp. Katemera wayamba kubayidwa ku Britain mwezi uno, ndipo mabodza onena za iye afika kale kuno iye asanafike. Mukayamba kuyankha tsopano, tsiku limene adzafike simudzayambira pachiyambi.

Mutiuzenso pasadakhale chimene chingakuchititseni kubwezeretsa malamulo okhwima. Ngati ndi kuchuluka kwa ogonekedwa, nenani kuti akafika pakutipakuti tidzayamba ndi kuletsa misonkhano ikuluikulu, kenaka mabala, ndipo misika ndi masukulu zidzakhala zomaliza. Wamalonda akadziwa zimenezi adziwa kuchuluka kwa katundu woti aode, mwini ukwati adziwa ngati n'koyenera kulipiriratu holo, ndipo tonse tidzaona kuti lamulo silikugwa mwadzidzidzi kapena potsata nyengo ya ndale. Khirisimasi yatsala masiku owerengeka, ndipo mabasi ochokera kumwera ayamba kale kufika odzaza. Ndikupempha kuti komiti ya chigawo yoona za miliri ikumane sabata ino, mafumu ndi atsogoleri a mipingo akhalepo, ndipo zimene mugwirizane tidzazimve pa wailesi lisanafike tsiku la 25.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kapata, Chipata